Diso likhoza kuyang'ana osaona: makina olondola maso asatsogole poyesa mapulogalamu a pafoni

Mu 2024 kampani ya Apple inaika mu iOS 18, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa mafoni ake, njira yoyendetsera iPhone ndi maso okha. Inapangira anthu olumala amene sangathe kugwira foni ndi manja, ndipo pa ntchito imeneyo palibe amene angaidandaule. Koma nkhaniyi inakolezanso mkangano umene wakhala ukunyeka pansipansi kwa zaka zambiri pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kuyesa mapulogalamu a pafoni asanafike m'manja mwa ogwiritsa ntchito. Ena akuti ngati kamera yakutsogolo, yomweyi timadzijambulira zithunzi, ikutha kudziwa pamene diso lagwera pa sikirini, nthawi yofunsa munthu kuti "mwaiona bwanji?" yatha, tingolondola maso ake, atiuza okha. Ena akuti ayi, makina amenewa amatulutsa zithunzi zokongola zosangalatsa mabwana pamsonkhano, koma pulogalamu imakhalabe yovuta monga inalili.

Ine ndaima ndi gulu lachiwirili, ndipo ndinene msanga chimene ndikukhulupirira. Kulondola maso, kumene akatswiri ake amati eye tracking, kumayankha funso limodzi lokha: diso linalunjika pati, ndipo linakhalapo nthawi yaitali bwanji? Sikunena ngati munthuyo anaonadi, ngati anamvetsa, kapena chifukwa chimene anadinira batani lolakwika. Pa foni, pomwe sikirini ndi yaing'ono ndipo chala ndicho chimachita zonse, funso limodzilo ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi mafunso ena amene wopanga app ayenera kudzifunsa. Choncho ntchito iyenera kuyamba ndi kukhala pambali pa munthu, kuona zimene manja ake akuchita ndi kumva zimene akunena. Makina a maso abwere pambuyo, pakatsala funso limene njira zinazo zalephera kuliyankha. Woyamba ndi makinawo amataya ndalama, komanso amadzinamiza kuti wadziwa zimene zili mumtima mwa munthu pomwe wangodziwa kumene nkhope inaloza.

Tisanalowe m'mfundo za otsutsa, ndi bwino timve kaye chimene makinawa amayeza. Diso silitsetsereka pa malemba monga momwe timaganizira. Dokotala wa maso wa ku Paris, Louis Émile Javal, analemba mu 1879 kuti powerenga diso limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso. Limaima katatu kapena kanayi pa sekondi imodzi, ndipo pamene likudumpha sitiona bwinobwino. Mbali ya diso yoona mwakuthwa ndi yaing'ono zedi, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu mukatambasula mkono. Zonse zozungulira timaziona mwachimbuuzi, ubongo n'kumadzaza mipata. Makina odziwika bwino, monga a kampani ya Tobii ya ku Sweden yomwe inayamba mu 2001, amawalitsa kuwala kwa infrared kumene sitikuona, kamera n'kumayeza pamene kuwalako kwanyezimira padiso poyerekeza ndi pamene pali mboni ya diso. Munthu amayamba wayang'ana timadontho tingapo pa sikirini kuti makina azolowere maso ake. Zotsatira zake amaziphatikiza n'kupanga heatmap, chithunzi chofiira pomwe maso ambiri anakhalitsa, chobiriwira pomwe anangodutsa. Luso lake ndi lenileni, sindikulinyoza. Vuto lili pa zimene anthu amafuna kuti chithunzicho chinene.

Mfundo yoyamba ya ochemerera makinawa ndiyo yamphamvu kuposa zonse, ndipo tiyenera kuimva bwino. Iwo amati anthu sanena zoona za zochita zawo, osati chifukwa cha bodza, koma chifukwa sazidziwa. Akatswiri a maganizo a anthu Richard Nisbett ndi Timothy Wilson anaonetsa mu 1977 kuti munthu ukamufunsa chifukwa chimene wasankhira chinthu, kawirikawiri amapeka chifukwa chomveka bwino chimene sichinali chenicheni, iye osazindikira. Onjezerani ulemu. Mayi amene mwamuitana kudzayesa app, mwamupatsa chakumwa ndi ya thiransipoti, sangakuuzeni kuti chinthu chanu ndi chosokoneza, anena kuti "zili bwino, kungoti ineyo ndi amene sindidziwa mafoni." Tsono, akutero otsutsawo, popeza pakamwa sipodalirika, tiyeni tidalire maso, pakuti munthu sangalamulire kadumphidwe kalikonse ka diso lake.

Zoti pakamwa pokha sipokwanira ndikuvomereza ndi mtima wonse. Koma taonani pomwe mfundoyi yalumphira. Kulephera kwa pakamwa sikutanthauza kuti chotsala ndi maso okha, chifukwa pali chinanso chimene sichinama: zochita. Mukauza mayi uja kuti alipire madzi pa app, iye n'kuzungulira mphindi zinayi kenako n'kugulira magetsi, simufunika kumufunsa kapena kumuyeza maso kuti mudziwe kuti pali vuto. Komanso diso limene akuti silinama limalankhula mawu a matanthauzo awiri. Likakhalitsa pamalo, mwina munthu wakopeka, mwina wasokonezeka, mwinanso akuganiza za mwana wodwala kunyumba maso ali pomwepo. Zili ngati kuona munthu ataima nthawi yaitali pa benchi ya tomato mumsika: mwina akusilira kukula kwake, mwina mtengo wamuuma pakamwa, ndipo wogulitsa amene angawerenge mphindi zokha osamufunsa adzakweza mtengo poganiza kuti malonda akopa anthu. Heatmap imapaka zonsezi mtundu umodzi wofiira. Amene amamasulira kufiirako ndi wofufuza, ndipo nthawi zambiri amakumasulira motsata zimene ankayembekeza kale.

Pali umboni wina wolemera kuposa apa, ndipo unachokera ku makina olondola maso omwewo. Mu 2013 Trafton Drew, Melissa Võ ndi Jeremy Wolfe, ofufuza a ku Boston, anapatsa madokotala 24 odziwa kuwerenga zithunzi za m'mapapo ntchito yofufuza timibulu tosonyeza khansa. M'zithunzi za wodwala womaliza anaikamo chithunzi cha gorila, nyani wamkulu uja, chachikulu kuwirikiza ka 48 poyerekeza ndi kambulu kamene ankafuna. Madokotala 20 mwa 24 sanamuone. Makina anaonetsa kuti ambiri mwa amene sanamuonewo analunjika maso pamalo penipeni pomwe panali gorilayo. Awa anali akatswiri, ali pamalo abata, akuchita ntchito imene anaiphunzira zaka zambiri. Nanga bwanji munthu amene akutumiza ndalama mothamanga ali pamzere? Wofufuza akabwera ndi chithunzi chofiira pa chenjezo la pa sikirini n'kunena kuti "anthu akuliona", ndiye kuti wanena zoposa zimene makina ake amuuza. Makina amuuza kuti maso anafikapo, basi.

Ndiwonjezerepo chimodzi pa mfundo yomweyi. Katswiri wa ku Russia Alfred Yarbus, m'zaka za m'ma 1960, anaonetsa munthu chithunzi chojambulidwa ndi Ilya Repin cha bambo amene akulowa m'nyumba mosayembekezeka. Atamuuza woyang'anayo kuti ayerekeze zaka za anthu a m'chithunzimo, maso ake anakhala pa nkhope. Atamuuza kuti ayerekeze ngati banjalo ndi lolemera, maso anapita pa mipando ndi zovala. Chithunzi chinali chimodzi, njira za maso zinali zosiyana kutengera funso. Phunziro lake kwa oyesa ma app ndi lalikulu: chimene mwauza munthu kuti achite ndicho chimayendetsa maso ake. Mukamuuza kuti "pezani pamene pali mtengo wotumizira", adzaupeza ndipo heatmap idzafiira pomwepo. Koma kunja kuno palibe amene amamuuza zimenezo; iye akufuna kungotumiza ndalama ya feteleza kumudzi nthawi isanathe. Motero chithunzi chimene mwapeza ndi cha funso lanu, osati cha moyo wake.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya mbiri. Amati popanda makinawa sitikanadziwa zinthu zimene lero aliyense wopanga masamba a pa intaneti amazitenga ngati zodziwikiratu. Mu 2006 Jakob Nielsen, katswiri wa mmene anthu amagwiritsira ntchito masamba a pa intaneti, analengeza zimene gulu lake linapeza litalondola maso a anthu 232: anthu sawerenga tsamba lonse, amawerenga mizere yoyamba, n'kutsika pang'ono, kenako n'kumangoyendetsa maso kumbali yakumanzere, njira yake n'kufanana ndi chilembo F. Gulu lomwelo linanenanso pambuyo pake kuti khalidweli limaonekanso pa foni. Izi ndi zoona, ndipo zinasintha kalembedwe ka anthu ambiri. Komabe tisiyanitse zinthu ziwiri. Kufufuza kuti mudziwe mmene anthu onse amawerengera ndi ntchito ya akatswiri ofufuza, imachitika kamodzi, ndipo phunziro lake limakhala la aliyense kwaulere. Kuyesa app yanu kuti mudziwe chifukwa chimene anthu akusiyira panjira polembetsa ndi ntchito ina. Simufunika kugula makina kuti mutsimikizenso kuti mawu ofunika aikidwe koyambirira. Ena anakulipirirani kale. Ndipo ngakhale khalidwe lina lotchuka, loti anthu amadumpha chilichonse chooneka ngati chotsatsa malonda, Jan Benway ndi David Lane analionetsa mu 1998 pouza anthu kuti apeze uthenga wina pa tsamba, n'kuona kuti akulephera kuupeza ngakhale unalembedwa m'bokosi lalikulu lowala.

Pamwamba pa izo, foni si kompyuta, ndipo apa ndi pomwe ambiri amene amachemerera makinawa amadutsa mofulumira. Sikirini ya foni m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 7. Makina abwino, pamalo abwino, amaphonya ndi pafupifupi theka la digiri kapena digiri imodzi (muyeso wa kupendekeka kwa diso), ndipo foni ikakhala masentimita 30 kuchokera kumaso, digiri imodzi ndi pafupifupi theka la sentimita. Pa sikirini yaikulu kuphonya kotere si nkhani. Pa foni, theka la sentimita ndi mzere wathunthu wa malemba, kotero kuti simungalumbire ngati munthu anayang'ana dzina la wolandira ndalama kapena nambala ili pansi pake. Chala chimaphimba mbali ya sikirini. Mutu umaweramira pansi, zikope n'kutsekera makina. Pofuna kuthana ndi zimenezi oyesa ambiri amamangirira foni pa chogwirira kuti isasunthe, kapena amaveka munthu magalasi apadera. Koma foni yomangiriridwa patebulo si foni imene munthu amagwiritsa ntchito, yomwe amaigwira ndi dzanja limodzi lina litanyamula jumbo, dzuwa likuwala pa sikirini yosweka pakona. Dzuwalo limasokonezanso makina a infrared. Ndiye kuti makina akamayeza bwino kwambiri, mpamene malo oyezerawo atalikirana kwambiri ndi moyo weniweni.

Kuchepa kwa sikiriniko kuli ndi mbali inanso imene imathandiza mfundo yanga. Popeza foni imaonetsa zochepa panthawi imodzi, munthu amayenera kukweza kapena kutsitsa tsamba ndi chala kuti aone zina, ndipo pomwe waimitsa ndi pomwe chidwi chake chili. Kafukufuku wa mu 2014 wa Dmitry Lagun ndi anzake, ena mwa iwo a ku Google, anayerekeza zimene maso ankayang'ana ndi zimene zinali pa sikirini panthawiyo anthu akufufuza zinthu pa foni, ndipo anapeza kuti ziwirizi zimayendera limodzi ndithu. M'mawu ena, pa foni chala chimaulula zambiri zimene diso likadaulula. Kujambula sikirini ndi manja a munthu, chinthu chimene mungachite ndi foni ina yoikidwa pamwamba pake, kumakupatsani gawo lalikulu la nkhaniyo.

Mfundo yachitatu ndi imene yabwera ndi nyengo ino: mtengo wagwa. Kale makina ndi mapulogalamu ake ankadya madola zikwizikwi. Mu 2016 ofufuza, ena mwa iwo a ku yunivesite ya MIT ku America, anasonkhanitsa zithunzi za nkhope za anthu oposa 1,400 n'kuphunzitsa kompyuta kulondola maso ndi kamera wamba ya foni, ngakhale inkaphonya ndi masentimita oposa 1.5. Mu 2020 ofufuza a ku Google analengeza kuti afika pophonya ndi masentimita 0.46 okha, zofanana ndi makina apadera okwera mtengo kuwirikiza ka 100. Otsutsa akuti, ngati zafika potere, bwanji osangozigwiritsa ntchito? Yankho langa ndi lakuti mtengo wa makina sunali mtengo wokhawo. Nielsen yemweyo, amene sangatchedwe mdani wa njirayi, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, koma gulu lake limalangiza anthu 39 ngati mukufuna heatmap yodalirika. Anthu 39 ndi owapeza, kuwalipira, kuzoloweretsa makina kwa aliyense, kutaya zotsatira za amene makina anakana maso awo, kenako kukhala masiku ambiri mukusanthula. Ndi mphamvu yomweyo mukadayesa ndi anthu asanu, kukonza, kuyesanso ndi asanu ena, kukonzanso, maulendo asanu ndi awiri. Ndikafunsidwa kuti ndi iti mwa njira ziwirizi imene ingatulutse app yabwino, sindizengereza n'komwe.

Kutsika mtengo kumabweretsanso chiyeso chimene sitiyenera kuchinyalanyaza. Makina akakhala m'chipinda choyesera, munthu amadziwa kuti akuyezedwa, amasaina, ndipo akatuluka zatha. Makinawo akakhala kamera ya foni yake, mpanda umenewo umagwa. Kamera yakutsogolo sijambula diso lokha. Imajambula nkhope, chipinda, ndi mwana amene wadutsa kumbuyo. Kayendedwe ka maso kamatha kuonetsa kutopa, msinkhu, ngakhale zizindikiro za matenda ena. Sizodabwitsa kuti makampani akuluakulu anathamangira lusoli: Google inagula Eyefluence mu 2016, Oculus ya Facebook inagula The Eye Tribe ya ku Denmark chakumapeto kwa chaka chomwecho, Apple inagula SensoMotoric Instruments ya ku Germany mu 2017. Sindikunena kuti anagulira zoipa. Ndikunena kuti chidziwitso cha pomwe anthu sayang'ana chili ndi ogula awiri. Wina adzachigwiritsa ntchito kuchotsa uthenga wofunika pamalo obisikawo. Wina, mwachitsanzo wobwereketsa ndalama pa foni wosaongoka, adzaika chiwongoladzanja pomwepo, n'kumadzanena kuti zonse zinalembedwa. Ku Ulaya lamulo la GDPR, loteteza uthenga wokhudza munthu, lakhala likugwira ntchito kuyambira 2018, ndipo Malawi nayenso ali ndi lamulo lotere la 2024. Koma lamulo limathandiza pokhapokha chilolezo chikhale chenicheni, ndipo tonse tikudziwa mmene timadinira "Allow" kuti chinthu chingotseguka. Kwa ine, kulondola maso kuyenera kuthera pa anthu amene aitanidwa, auzidwa m'chinenero chawo, ndipo avomera. Kuika lusoli mwakachetechete mu app imene anthu akugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi kusuzumira m'nyumba ya eni.

Mfundo yachinayi sainena poyera kawirikawiri, koma ndi imene imagulitsa makinawa. Ofufuza ena amavomereza kuti akadapeza vutolo popanda makina, koma akuti bwana samvera mawu, amamvera chithunzi. Ukamuonetsa heatmap yopanda kufiira pa batani limene iye analikakamira, mkangano umatha. Ndikumvetsa kutopa kumene kumabala maganizo amenewa. Koma ngati chithunzi chili ndi mphamvu yotseka pakamwa, chili nayo ngakhale chitamasuliridwa molakwika, ndipo palibe m'chipindamo amene angayerekeze kutsutsana ndi "sayansi". Heatmap imaphatikizanso anthu osiyana kukhala munthu mmodzi amene kulibe: mnyamata wa ku koleji amene anamaliza m'masekondi khumi ndi agogo amene anasochera, onse asungunuka m'banga limodzi. Ngati cholinga ndi kugwedeza bwana, muonetseni kanema wa mphindi ziwiri wa kasitomala weniweni akulephera kulipira, akupuma mozama, n'kuika foni pansi. Ameneyo safuna womasulira.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza mwanjira yake. Anthu ambiri m'Malawi amakumana ndi ntchito za pafoni kudzera m'mindandanda ya manambala, *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba, *626# ya banki, ndipo ambiri amatero pa foni za mabatani. Pamenepo palibe zithunzi zokopa diso, pali mizere yochepa ya mawu ndi nambala yoti usankhe. Zimene zimagwetsa munthu ndi zina: mawu amene sakuwamvetsa, nthawi imene imatha iye akufufuzabe nambala ya mita papepala, netiweki yodukaduka, mantha oti akalakwitsa ndalama yapita. Ena safika n'komwe pa sikirini. Amapereka foni kwa ejenti kapena kwa mdzukulu, nthawi zina ndi nambala yachinsinsi yomwe. Makina olondola maso sangaone chilichonse mwa izi, chifukwa vuto silili pakati pa diso ndi sikirini, lili pakati pa munthu ndi moyo womuzungulira. Achinyamata amene akupanga ma app ku Lilongwe ndi ku Blantyre asadzione otsalira chifukwa alibe chipinda cha makina ngati cha ku Sweden. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukhala tsiku lathunthu pafupi ndi kabenchi ka ejenti, mwachilolezo chake ndi cha makasitomala, kuona pomwe anthu akukakamira ndi zimene akufunsa, kungawaphunzitse zimene palibe heatmap ingawauze.

Kodi ndiye kuti makinawa alibe ntchito? Ayi, ndipo kukana zimenezi kungakhale kusaona mtima. Alipo mafunso amene diso limayankha bwino kuposa china chilichonse. Munthu akalephera kudina batani, pali zifukwa ziwiri zosiyana: mwina sanalipeze n'komwe, mwina analipeza koma mawu ake sanamuuze kanthu. Mankhwala ake ndi osiyana, koyamba mumasuntha batani, kwachiwiri mumasintha mawu, ndipo njira ya maso imatha kusiyanitsa ziwirizi. Makinawa amathandizanso pomwe kulankhula kungasokoneze ntchito, monga dalaivala woyang'ana mapu pa foni, kapena pa ana ndi anthu amene amavutika kufotokoza zimene akuganiza. Njira ina yabwino ndi kumuonetsa munthu kanema wa mmene maso ake anayendera akamaliza, n'kumufunsa kuti "apa munaima, mumaganiza chiyani?" Koma onani kuti m'zonsezi funso limakhala litadziwika kale, ndipo pamapeto pake timabwererabe kwa munthuyo kuti atiuze tanthauzo.

Titenge chitsanzo chimodzi chimene aliyense wotumiza ndalama pa foni akuchidziwa. Musanalowetse nambala yachinsinsi, sikirini imaonetsa dzina la wolandira kuti mutsimikize. Komabe anthu amatumizabe ndalama kwa munthu wolakwika. Wopanga app akufuna kudziwa ngati anthu amawerenga dzinalo. Wokonda makina adzaitana anthu 39, n'kubwera ndi chithunzi chosonyeza kuti maso amadutsa pamzere wa dzina, ndipo tikakumbukira madokotala a ku Boston aja tikudziwa kuti chithunzicho sichinatseke nkhani. Njira ina ndi iyi. Pangani app yoyesera yopanda ndalama zenizeni. Uzani munthu kuti atumize K5,000 kwa mlongo wake, koma pa sikirini yotsimikizira muike dzina lachilendo. Kenako khalani chete. Akaima n'kunena kuti "uyu si iyeyu", ndiye kuti anayang'ana, anaona, ndipo anamvetsa, zonse zitatu mwakamodzi. Akadina n'kupitirira, mwapeza vuto lanu popanda kuyeza diso la munthu, ndipo mungayambe kuyesa zokonza: kukulitsa dzina, kuliika pomwe pali batani, kapena kuchititsa munthu kulitsimikiza payekha asanafike pa nambala yachinsinsi.

Mukakonza kawiri katatu koma anthu n'kumadutsabe dzina lolakwikalo, ndipo mukawafunsa iwo n'kumati sakudziwa chifukwa chake, apo ndi pomwe ndingavomereze kubwereka magalasi olondola maso kwa masiku ochepa. Mudzakhala ndi funso limodzi lolembedwa papepala musanayatse makina: kodi diso limafika pa dzinalo, kapena limadumpha kuchoka pa ndalama kupita pa batani? Anthu oyesedwawo auzidwe chimene chikujambulidwa, amene adzachione, ndi tsiku limene chidzafufutidwe, ndipo mukapeza yankho magalasiwo abwezedwe kwa eni ake.